Makala a zinyalala akungodzaza m'nyumba: nditseke geni kapena ndipirire?

Tadala (Chinsapo): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, zandifika pakhosi. Enanu mukudziwa kuti ine ndi anzanga awiri timapanga mabriketi, makala a zinyalala aja. Tinayamba mu 2022 titatopa n'kuponya makalata ofunsira ntchito. Timatola zitsononkho ndi makoko a mtedza, kuwotcha mumgolo, kusinja, kusakaniza ndi phala la chinangwa, kenako kuumba ndi manja. Chaka chino chokha ndaitanidwa kumaphunziro katatu. Masatifiketi ndili nawo 6, matisheti sindiwerenganso. Koma matumba 40 ali pabalaza pa mayi anga osagulidwa, ndipo mnzathu mmodzi akuti mwezi wamawa akukwera basi ya ku Joni. Kodi thandizo la achinyamata limene timalimva pa wailesi limathera muholo ya hotela? Nditseke, kapena pali chimene sindikuchiona?

Madalitso (Joni): Mlongo wanga, umuuze mnzakoyo kuti kuno nakonso kwauma, asabwere ndi maloto. Koma kunena mosapsatira, ine sindinaonepo mabriketi atamudyetsa munthu. Amene amadya ndi olemba mapulopozo.

Tadala (Chinsapo): Achimwene, ndinabwera kuti mundilimbitse mtima, osati kundimaliza 😂

Mayi a Yankho: Tadala mwananga, ndikuyankhula ngati mayi ako, usakwiye. Ine ndili ndi kalesitilanti mumsika, makala ndimagula tsiku ndi tsiku. Chaka chatha kunabwera mnyamata wina ndi mabriketi, waulemu ndithu, n'kundilalikira za mitengo mpaka ndinagula chifukwa cha chisoni. Ndinakupiza mbaula mpaka mkono kuwawa. Atayaka, phulusa linadzaza mbaula n'kutseka timabowo tonse, moto n'kufa nyemba zisanafewe. Otsala aja anadonthedwa ndi mvula pang'ono, kutacha ndinapeza phala lakuda. Anthu a 12 koloko anapita kwa mnzanga wa pafupi. Kasitomala wanga sadya chilengedwe, amadya nsima. Ndiye usanadandaule za mabungwe, makala akowo amapsetsa nyemba?

Tadala (Chinsapo): Mayi, kuyaka amachedwa, sindikana. Koma akagwira moto amakhalitsa kuposa makala wamba. Phulusa lilipo ndithu.

Lusungu (Mzuzu): Mumathira dothi lochuluka bwanji achemwali?

Tadala (Chinsapo): Kumaphunziro anatiuza kuti tiziwonjezera dothi la pachulu kuti azilimba. Chinangwa chikadula timathira lambiri.

Lusungu (Mzuzu): Vuto lagona pamenepo. Dothi silipsa, lonse limatsala ngati phulusa, ndipo ndi limene linazimitsa moto wa Mayi a Yankho. Ine ndimapanga a utuchi kuno, ndinagwa nawo kambirimbiri ndisanaphunzire. Dothi lichepe kwambiri, phala la chinangwa likhale lopyapyala koma lopsa bwino ngati lomatira mapepala. Ufa wa makalawo muzisefa, chifukwa timabulu tikatsalamo briketi imasweka. Powotcha mumgolo yang'anani utsi. Ukakhala woyera ndi wochuluka ndiye kuti madzi akutuluka, musathamange. Ukayamba kuchepa n'kuoneka wobiriwira ngati wa mtambo, vindikirani n'kumata ndi matope mpweya usalowe. Mukachedwa mupeza phulusa lokhalokha, mukafulumira mupeza zitsononkho zosapsa zimene zidzafukize nyumba ya kasitomala.

China, kuumba ndi manja sikuthina mokwanira. Pamafunika chopsinjira, ndipo pakati pa briketi pakhale bowo kuti mpweya uzidutsa. Muziyanika pathandala, osati pansi. Kuno ku Mzuzu ndi chinyontho chathuchi zimanditengera sabata yathunthu, kwanu kotentha masiku anayi kapena asanu akwana. Mukafuna kudziwa ngati yauma, iponyeni pansi kuchokera pa phewa. Ikasweka, musagulitse.

Mayi a Yankho: Ameneyu ndiye akudziwa. Zonsezi kumahotela kuja sanakuuzeni?

Tadala (Chinsapo): Anatiphunzitsa kulemba masomphenya a kampani 🙈

Bambo Gama (Admin): Ana anga, ndilowepo pang'ono. Ndinagwira ntchito ya zankhalango zaka zambiri ndisanapume, ndiye nkhaniyi imandikhudza. Lusungu wanena zoona za luso, koma ngakhale Tadala atapanga briketi yabwino kuposa zonse, akupikisana ndi munthu amene mtengo sanaugule. Wowotcha makala ku Dzalanyama salipira mtengo umene watenga zaka 40 kukula. Amangolipira thukuta lake ndi njinga. Tadala amagula chinangwa, matumba, ndi kulipira wonyamula zitsononkho. Mtengo wawo pamsika ungafanane bwanji?

Malamulo alipo. Lamulo la zankhalango ndi la 1997, ndipo linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango. Kuwotcha makala popanda laisensi n'kulakwa. Palinso ndondomeko ya dziko yokhudza makala ya 2017 mpaka 2027. Koma mabanja pafupifupi 97 pa 100 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Simungamange dziko lonse. Ndipo inu a ku Lilongwe muzikumbukira kuti mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu, umachokera ku Dzalanyama komweko. Boma linafika potumizako asilikali kukalondera nkhalango. Thumba lililonse lolowa mu Chinsapo m'mamawa, tikumwa nalo matope mumpopi.

Kondwani (Neno): Bambo Gama, ndi ulemu wonse, nkhani ya makala ikayamba pagulu pano timayankhulidwa ngati kulibe. Bambo anga anandiphunzitsa mpaka Fomu 4 ndi makala. Ineyo ndakankhapo njinga ya matumba atatu usiku kupita ku Zalewa, mabuleki ake ndi phazi. Palibe amene amakonda ntchito imeneyo. Utsi wa uvuni umakulowa m'chifuwa, ukatsokomola makhololo akuda. Ndipo amene amalemera si ife. Ndi eni malole amene amadutsa usiku matumba ataphimba ndi lona. Wa njinga ndiye amalandidwa, njinga n'kupita. Mukamati achinyamata osowa ntchito, owotcha makalawo ndi achinyamatanso. Kungoti sadziwa Chingerezi cholembera pulopozo.

Blessings (Chilobwe): Aise Kondwani, ndikumva. Koma ine ndinali pano mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Ndinakumba nawo ndi makasu kufunafuna anthu. Sindikuloza chala bambo ako, phirilo tinalimeta tonse, ena nkhuni, ena minda, ena nyumba. Koma mawu oti chilengedwe kwa ine si a pa tisheti.

Kondwani (Neno): Pepa mbale wanga. Sindikutsutsa zimenezo. Ndikungoti amene akubweretsa ndalama za ntchito zoterezi azifikanso kwathu. Palibe amene amadziwa kusunga moto wa uvuni kuposa mnyamata wa ku Neno. Mumupatse nsungwi zoti adzale, kapena munda wa mitengo yokula msanga ndi laisensi, muone ngati angabwererenso kukadula tsanya.

Bambo Gama (Admin): Apa Kondwani walasa. Makala ovomerezeka ochokera ku mitengo yodzala amatheka, ndipo lamulo limalola. Chovuta n'chakuti munthu ayenera kuonetsa kumene mitengoyo ikuchokera ndi dongosolo loisamalira, zimene mnyamata mmodzi payekha sangakwanitse. Pagulu, ndi mfumu itapereka malo, zimayandikira. Nsungwi ubwino wake ukadula zimaphukanso, koma zimafuna zaka zingapo usanayambe kukolola. Funso n'lakuti mnyamatayo adya chiyani zaka zimenezo.

Thoko (Ndirande): Ine ndikufuna ndiwonjezere pa za malamulo, chifukwa zinandiwotcha. Boma linaletsa majumbo opyapyala, osafika ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), mu 2015. Makampani anapita kukhoti, nkhani n'kukhala. Mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletso chipitirire. Ine n'kumva choncho ndinati mwayi wanga ndi uwu. Ndinatenga ngongole ku banki mkhonde, kugula makina osokera, kusoka zikwama za chitenje ndi za masaka zopitira kumsika. Ndimaganiza kuti majumbo akasowa aliyense adzandifuna. Majumbo sanasowe. Milandu inapitirira, kumsika amangokupatsa kajumbo ngakhale wagula tomato mmodzi. Mayi angagule chikwama changa pamene jumbo ndi yaulere? Ndinamaliza kubweza ngongoleyo posoka mayunifolomu. Ndiye ine ndikamva zoti tithandize achinyamata, ndimati choyamba lamulo limene mwakhazikitsa ligwire ntchito. Msika wanga unali m'lamulomo.

Mayi a Yankho: Ndipotu makala ogulitsa pang'onopang'ono aja amaikidwa mu jumbo yomweyo. Zoletsedwa ziwiri m'dzanja limodzi, mayi akupita kukaphika 😂😂

Madalitso (Joni): Nanga ntchito 1 miliyoni zija anatilonjeza andale zinathera kuti?

Bambo Gama (Admin): Madalitso, zandale tinagwirizana kuti pano ayi. Uli ndi magulu ena a zimenezo.

Madalitso (Joni): Ndabweza mawu bambo.

Chikondi (Zomba): Moni nonse, ndachedwa kulowa, netiweki. Ine ndili ndi nazale. Zimene akunena Tadala ndi Thoko ndi nyimbo imodzi ndi yanga. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. Kuti mbande zikhale zokonzeka ndimayamba kuthira dothi m'machubu mu Ogasiti, kutunga madzi m'mawa ndi madzulo dzuwa la Okutobala lili pamutu. Chaka china bungwe lina linandiuza pakamwa kuti likufuna mbande 10,000 za keshya ndi mtangatanga. Ndinalemba anyamata anayi aganyu. Itafika Januwale anati bajeti yasintha, anatenga 3,000, ndalama yake n'kubwera mu Juni. Zotsalazo mizu inaboola machubu n'kulowa pansi. Ndinagawa ulere kumatchalitchi.

Chinanso, mbande zaulere zimapha msika. Munthu akazolowera kulandira, sagula. Ndipo zimene walandira ulere sazisamala, akajambulitsa chithunzi tsiku lodzala, mbuzi n'kumaliza. Ine ndikanakhala wopereka ndalama ndikanalipira mtengo umene wapulumuka pakatha chaka, osati umene wadzalidwa. Achinyamata akanapeza ntchito yothirira, kupalira ndi kulambula njira zotchinga moto chaka chonse.

Chimene chinandipulumutsa ndi mitengo ya zipatso yokwatitsa, mango ndi mapeyala. Imeneyo munthu amatulutsa ndalama m'thumba mwake osakakamizidwa, ndipo amaimangira mpanda. Keshya ndimadzalabe koma sindimudalira.

Tadala (Chinsapo): Achemwali a Chikondi, ndiye kuti inu munasintha kasitomala, osati ntchito.

Chikondi (Zomba): Eya. Ndinasiya kuthamangira amene amakonda mitengo pa maikolofoni.

Madalitso (Joni): Nanga ngongole za boma zija? Bwanji osatenga mugule makina?

Bambo Gama (Admin): Thumba la ngongole lakhala likusintha maina. Tinaona MARDEF, kenako YEDEF ya achinyamata, kenako MEDF, kenako NEEF. Vuto limene lakhala likutsatira maina onsewa ndi kubweza. Anthu ambiri ankatenga ngati mphatso, ndiye wobwera pambuyo amapeza zitseko zathina. Amene anadya anapita, mulandu watsalira ana awa.

Tadala (Chinsapo): Ine ndinayesa kumalo ena obwereketsa ndalama, sinditchula. Anafuna chikole. Ndili ndi chiyani? Foni iyi ndi migolo iwiri. Titapanga gulu anati kubweza kuyambe mwezi wotsatira. Koma ife nthawi ya dzinja sitipanga, zinthu siziuma, ndipo zitsononkho zimapezeka anthu akakolola. Ngongole yotere ndi ya wogulitsa zovala za kaunjika amene ndalama imazungulira sabata iliyonse. Makina amene tinafunsa mtengo mu Okutobala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala tinangoseka n'kubwerera. Ku banki mkhonde chiwongoladzanja chathu ndi 20 peresenti pamwezi. Katapila ndiye sindiyerekeza.

Lusungu (Mzuzu): Makina a magetsi asiyeni kaye. Magetsi akazima mukhala mukuwayang'ana. Changa chopsinjira anandiwotcherera mnyamata wina wa zitsulo, mapaipi asanu ndi limodzi ndi jeke ya galimoto. Ndikutumizirani chithunzi ndi miyeso ku inbox. Owotcherera a ku Mchesi sangalephere.

aPhiri a Nkhuku (Likuni): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mtsikana, wati makala ako amachedwa kuyaka koma amakhalitsa?

Tadala (Chinsapo): Inde bambo.

aPhiri a Nkhuku (Likuni): Utsi?

Tadala (Chinsapo): Akauma bwino, ochepa kwambiri.

aPhiri a Nkhuku (Likuni): Ndiye iwe ukugulitsa kwa anthu olakwika. Mayi a Yankho akufuna moto waukali wa changu. Ine ndikufuna moto wofatsa wa usiku wonse. Ndimaweta nkhuku za nyama, anapiye 500 ulendo umodzi. Masabata awiri kapena atatu oyamba anapiye amafuna kutentha usana ndi usiku, makamaka mu Juni ndi Julayi. Mababu sindiwadalira, magetsi akazima 1 koloko usiku kukacha upeza aunjikana pakona, apansi atafa. Ndiye timayatsa mbaula. Makala wamba amalilima n'kutha, ndimadzuka katatu usiku kukawonjezera, mkazi wanga mpaka anati ndikasamukire kukhola konko. Phulusa kwa ine si vuto, ndimathira ku manyowa. Ngati ako angandigoneke mpaka 4 koloko, matumba 40 amenewo ndi ochepa. Ndipo oweta nkhuku kuno tilipo ambiri, tili ndi gulu lathu.

Tadala (Chinsapo): Bambo Phiri, zaka zitatu palibe anandiuzapo zimenezi. Ife timangozungulira m'makomo.

Lusungu (Mzuzu): Zoona zimenezo, anga ambiri amagula ndi a nkhuku. Koma bambo, kholalo lizikhala ndi polowera mpweya. Briketi ngakhale isafuke imatulutsa mpweya woipa ngati makala ena onse, umapha anapiye ndi munthu yemwe mukatseka ponseponse. Muziyatsira panja, ikagwira moto ndiye mulowetse.

aPhiri a Nkhuku (Likuni): Zimenezo ndinaphunzira ndi maliro a anapiye 60, mwana wanga.

Aphunzitsi aNambewe: Nane ndiponyepo. Ndimaphunzitsa pasukulu ina yogonera konko. Teremu iliyonse kumabwera malole a nkhuni, zina zooneka kuti ndi mitengo yachilengedwe. Timaphunzitsa ana m'kalasi za kuipa kodula mitengo, pawindo akuona mulu wa nkhuni wotalika kuposa khitchini. Sukulu, zipatala, ndende, zonsezi zimaphika ndi nkhuni tsiku lililonse. Zitati zigule ngakhale gawo laling'ono kwa achinyamata ngati Tadala, sipangafunikenso maphunziro a kuhotela. Koma ndikuchenjeze mwana wanga, ndisakunamize. Miphika yathu ndi ikuluikulu, ng'anjo zake anamangira nkhuni, ndiye pafunika kuyesa kaye. Ndiponso sukulu imalipira mochedwa, fizi ikalowa. Ukapereka matumba 100 pa ngongole opanda pepala losainirana, udzalira ngati Chikondi.

Chikondi (Zomba): Pepala, aphunzitsi, pepala! Ndipo theka la ndalama patsogolo.

Bambo Gama (Admin): Pa za ng'anjo aphunzitsi akunena zoona, ndipo n'chimodzimodzi m'makomo. Chitetezo mbaula ija youmba ndi dothi anaipangira nkhuni, osati makala. Mabriketi a Tadala amafuna mbaula ya makala yokhala ndi mabowo okulirapo kuti phulusa lizigwa. Mwinanso mnyamata wa Mayi a Yankho uja anagulitsa makala osayang'ana mbaula.

Mayi a Yankho: Mbaula yanga ilibe mlandu bambo Gama, musaiyambe 😂 Yaphika nyemba zaka zisanu.

Kondwani (Neno): Achemwali a Tadala, mnzanu akapita ku Joni mudzafuna wowotcha? Ndikufunsa zenizeni. Za utsi zimene amafotokoza Lusungu ine ndinazidziwa ndili ndi zaka 12. Ndili ndi azakhali ku Likuni, pogona sipavuta.

Tadala (Chinsapo): Achimwene, malipiro apamwezi sitingathe panopa. Timagawana zimene zapezeka.

Kondwani (Neno): Panjinga paja amandilipira ndani pamwezi?

Madalitso (Joni): Chabwino, ndinayamba ndi kunyoza, ndimalize bwino. Tadala, funsa mtengo wa chopsinjira cha jeke chija. Ndilipira ine mwachindunji kwa wowotchererayo, ndalama sidutsa m'manja mwako, usandimvere molakwa, ndinapsa kale ndi achibale. Si mphatso. Udzabweza pang'onopang'ono kuyambira mwezi umene aPhiri ayambe kugula, popanda chiwongoladzanja. Dzinja ukapuma, nanenso ndipuma. Bambo Gama akhale mboni.

Bambo Gama (Admin): Ndavomera, koma zilembedwe. Ndipo Tadala uyambe kulemba m'kabuku ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, kuphatikizapo thukuta lanu. Ndikufuna udziwe kuti thumba limodzi limakudyera zingati usanatchule mtengo kwa aPhiri.

Tadala (Chinsapo): Kabuku kalipo bambo, koma thukuta sitinaliwerengerepo. Achimwene a Madalitso, ndilibe mawu. Ndifunsa mawa ku Mchesi.

Thoko (Ndirande): Matumba oikamo muzigula kwa ine, ndisoka a masaka a 5 kg ndi 10 kg okhala ndi zogwirira. Musadzaikenso mu jumbo, ndingakutulutseni pagulu ngakhale sindine admin.

aPhiri a Nkhuku (Likuni): Anapiye akubwera Lachinayi sabata yamawa. Bweretsa matumba awiri Lachiwiri ndiyese usiku umodzi khola lili lopanda kanthu. Koma ngati ali a dothi aja, ndikuuziratu, ndidzanena pagulu pompano.

Tadala (Chinsapo): Pa 40 aja, 15 ndi amene tinapanga chinangwa chili chotchipa, dothi lake ndi lochepa. Ndibweretsa amenewo. Enawo ndiwaphwanya ndisakanize ndi ufa watsopano monga wanenera Lusungu.

Lusungu (Mzuzu): Muwaponye kaye kuchokera pa phewa musanakweze pa kabaza.

Aphunzitsi aNambewe: Ine ndiyankhula ndi akukhitchini, koma teremu ino nkhuni anagula kale. Tione ya mawa.

Mayi a Yankho: Nanga ine mwandisiya? Tadala, a chopsinjira chatsopanowo akauma undibweretsere kathumba kamodzi Loweruka m'mawa, anthu asanachuluke. Ndigula ndi ndalama, sindifuna zaulere. Nyemba zake ndi za chaka chatha zouma gwa, ndipo sindinyika.